Makapu a Alendo

Lamulo limati chinthu chilichonse cha m'nyumba chimene chatha chaka osagwira ntchito chitengedwe, akachiphwanye n'kupangira zina. Oyendera nyumba a boma ankayenda ndi kamakina kodziwa tsiku limene chinthu chinagwira ntchito komaliza, ndipo tsikulo anali kubwera kwa Nachisale.

M'mawa wonse m'nyumbamo munali chipwirikiti. Nachisale anasita ndi ayironi yamakala ya agogo ake mpaka kuwotcha nsalu, uku akuseka chikhakhali. Mwamuna wake, Kamtedza, anayatsa nyali yapalafini dzuwa likuswa mtengo.

Kunatsala makapu asanu ndi imodzi a maluwa ofiira, a m'kabati yagalasi. Nachisale anasiyiridwa ndi malemu amayi ake, ndipo anali a alendo okhaokha. Koma mlendo woyenera makapuwo anali asanabwerebe.

"Abusa anabwera, munati makapu adikire. Ankhoswe munawapatsa apulasitiki," anatero Kamtedza. "Kodi mukudikira ndani, aNachisale?"

Galimoto ya oyendera inamveka kumsewu. Nachisale anatsegula kabati, n'kuthira tiyi m'makapu onse.

"Imwani, bambo a Tiyese! Onsewa! Msanga!" anauza mwamuna wake.

Kamtedza anathamangira kuchipinda n'kubwerako atavala jekete. Anatuluka panja, n'kuima pakhomo la nyumba yake yomwe.

"Odi kuno!"

"Mwapenga kodi? Anthu aja afika!"

"Zaka makumi anayi ndakhala ndikungowaonera pagalasi makapu amenewa," anatero Kamtedza, akukonza kolala. "Ndilandireni bwinobwino, mayi. Mundifunsenso za kumene ndachokera."