Mwamuna Wobwereka ku Sikelo

Panali munthu wina kuno ku Milange, dzina lake Gregório. Amene anandiuza nkhaniyi amatunga naye madzi pamjigo umodzi, ndiye musati ndapeka. Nthawi ija kunavuta zipolowe, iye anathawa n'kuwoloka mtsinje wa Ruo, nakakhala pamsasa wa othawa kwawo ku Malawi. Mkazi wake Januária anatsala kwa amayi ake ku Molumbo.

Za m'matenti mukuzidziwa inu. Kuzizira, kusowa chochita, basi bambo wathu anapezako womufunditsa. Posakhalitsa kunatuluka kachilonda kumalo obisika, kosapweteka, ndipo kanapola kokha. Anthu atayamba kubwerera kwawo, azaumoyo ankayeza magazi mwaulere pamsasapo.

"Bambo, yezetsani musanakafike kwa mayi akunyumba," anatero wazaumoyo wina.

"Ine? Taonani thupi likuchita kunyezimirali," anayankha Gregório, uyo wadutsa.

Banja litakumananso, Januária anaima. Atapita kusikelo anamupeza ndi chindoko. Namwino anamubaya jakisoni, n'kumuuza kuti ulendo wotsatira abwere ndi mwamuna wake, chifukwa mmodzi akatsala osachira, matendawo amabwereranso.

Gregório atamva, anayamba kufuna pothawira. Ankadziwa bwino kumene zinachokera, ndipo ankaopa kufunsidwa pamaso pa mkazi wake.

"Ine ndili ndi kumunda, sindingakataye tsiku pamzere wa azimayi," anatero.

Kenaka anaitana Zito, bambo wa kabaza amene ankanyamula Januária popita kuchipatala.

"Kumpadre mnzanga, ukangokhala pabenchi ngati ndiwe mwamuna wake. Akakufunsa, uzingoti inde. Ambiri amatero, ukudziwa iwe."

Januária anakana mpaka misozi. Koma poopa kuti akafika yekha akamubweza, anakwera njinga ija.

Masana Gregório anangoona Zito akubwera wapansi, njinga akukankha, mwendo akuchita kukoka.

"Akulu, munati kukhala pabenchi! Anditsitsa buluku, andibaya jakisoni wa ng'ombe! Ndikhala bwanji pachishalo ine?"

Gregório anaseka mpaka kugwira nthiti. Mumtima anati nkhani yatha.

Yatha kuti? Miyezi inapita, mimba inakula, ndipo atamuyezanso Januária anapeza kuti matenda abwerera. Namwino anakalipa mokweza kuti, "A Zito aja akuyenda kuti? Abwerenso kuno!" Tsoka ilo, pabenchi panja panali mayi wina wopemphera mpingo umodzi ndi mkazi wa Zito. Dzuwa lisanapendeke, nkhani inali itafika kale.

Mkazi wa Zito ndi Nércia, uja wogulitsa nthochi kumalire, pakamwa pake sipafuna chimkuzamawu. Anatulukira kwa Gregório atamugwira mwamuna wake pakolala, khamu la anthu lili pambuyo.

"A Gregório, tulukani! Mundiuze lero, mimba ya akazi anuyi ndi ya ndani? Poti kuchipatala akuti mwamuna wawo ndi uyu, ndi chindoko chomwe!"

"Akulu, nenani zoona chonde," Zito anadandaula. "Zovala zanga zili kale panja."

Gregório anatuluka. Anayamba kunena kuti iye sakudziwapo kanthu, mwina namwino wasokoneza mayina. Pomwepo Januária anatuluka m'nyumba atagwira m'chiuno. Sanakuwe ayi, anangoyankhula pang'onopang'ono.

"Bambo, namwino wandiuza kuti mwana uyu akhoza kubadwa wakufa, kapena wodwala moyo wake wonse. Ine ndabayidwa, inu mwandibwezeranso. Akafa, mudzatumanso a Zito kuti akalire m'malo mwanu?"

Ngakhale Nércia anasiya kolala ija. Gregório anayang'ana mimba ya mkazi wake, anayang'ana pansi, kenaka anaulula zonse, za pamsasa, za kachilonda, za kubwereka mwamuna. Azimayi anagwira pakamwa, koma makutu ali tcheru, ine ndikuwadziwa.

M'mawa mwake Gregório anapita yekha kuchipatala ndi mkazi wake. Namwino anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Ndiye eni ake ndinu? Takulandirani, senhor. Gonani apo."

Anawabaya onse awiri, ndipo anawauza kuti amalize majakisoni onse, asagonane mpaka atachira. Anawayezanso kachilombo ka HIV ndi matenda a chiwindi, mwamwayi sanawapeze nazo. Nayenso Nércia anamukokera Zito kukayezetsa, onse anapezeka ali bwino, zovala zinabwerera m'nyumba.

Koma Gregório mtima sunakhale pansi. Mwana akangokhala chete m'mimba, iye thukuta kamukamu, kufunsa kuti, "Wagunda? Lero wagunda?" Munthu uja wonyezimira anaonda ngati ndiye wodwala.

Tsiku loti Januária abereke litafika, Gregório anakhala panja pa chipatala, manja ali kumutu. Kenaka kunamveka kulira kwa khanda, kwamphamvu ngati kwa mwana wa mbuzi. Namwino anatuluka.

"Ndi wamkazi. Tamuyeza paliponse, ali bwinobwino. Mukanachedwa pang'ono, bwenzi tikunena zina."

Gregório anangokhala pansi pafumbi n'kuyamba kulira kuposa mwanayo, azimayi odikirira odwala akumuimbira nthungululu.

Phunziro: Abale anga, kuthawa nkhondo kapena zipolowe si tchimo, ndipo matenda sasankha wothawa kapena wotsala. Koma ukabwera kumene unali, yezetsa magazi usanalowe m'nyumba, ngakhale thupi likuoneka labwino. Chilonda chikapola chokha sindiye kuti wachira. Azibambo, kusikelo pitani nokha, jakisoni wobayidwa mnzako sachiza iwe. Tumizirani ena uthengawu, makamaka amene amati mzere wa kuchipatala ndi wa azimayi.