Kamfundo Kofiira

Mzimayi wa diresi lobiriwira uja anali adakali pambuyo. Agogo anamuona koyamba potsika basi, kenako podutsa msewu, ndipo tsopano anali ataima chapafupi, akunamizira kuyang'ana foni.

Agogo anakhala pabenchi n'kupanira chikwama kukhwapa. M'chikwamamo munali sizasi yawo yakale, chinthu chokhacho chimene anatuluka nacho pantchito. Munthu akanayerekeza kuilanda, akanaona zakuda.

Kutsidya kwa msewu, pomwe pali sitolo yamagalasi yogulitsa mafoni, ndi pomwe panali fakitale yosoka zovala. Agogo anagwira ntchito mmenemo kuyambira ali mtsikana mpaka maso atayamba kuchita mdima. Ankakumbukira zonse: belu la m'mawa, phokoso la makina, kapitawo wa chimimba amene ankasecha akazi pageti ngati onse ndi mbava. Agogo sanabepo ngakhale batani. Koma mbava ankazidziwa, ndipo mzimayi uyu maso ake sankachoka pa iwo.

Mzimayiyo anasendera pafupi. Mphepo inatukula kolala ya diresi lake, Agogo n'kuona kamfundo ka ulusi wofiira. Atelala onse amabisa ulusi womaliza. Koma Agogo okha, pa zovala zimene ankasoka kunyumba akaweruka, ankamanga kamfundo kofiira kuseri kwa kolala. Diresilo linachokera m'manja mwawo. Ndiye kuti mbavayi inalowa kale m'nyumba mwawo!

"Alonda!" anakuwa Agogo, akukodola mlonda wa pasitolopo. "Gwirani mayi uyu! Wanditsatira kuchokera kubasi, ndipo chimene wavalachi n'chakuba!"

Mlondayo anabwera osathamanga n'komwe. Agogo anapsa mtima: alonda amasiku ano, yunifolomu yokha basi. Mlondayo sanagwire munthu. M'malo mwake anavula chipewa n'kupereka moni kwa mzimayiyo.

"Mwadzuka bwanji, achemwali? Lero mayi anu alawira."

Mzimayiyo anagwada patsogolo pa benchi, misozi ili m'maso.

"Amayi, ndine. Diresili munandisokera ndinu. Tiyeni kunyumba, mwachoka musanamwe mankhwala."

Agogo anayang'anitsitsa nkhopeyo nthawi yaitali, koma sanaizindikire. Kenako anatambasula dzanja, n'kugwira kamfundo kaja kuseri kwa kolala. Kameneko anakadziwa, ndipo anadzuka.