Mzere Wobiriwira

Mzere wobiriwira unakweranso pa kompyuta ya mtsikana wina, mzere woonetsa nthawi imene anthu akutha pa pulogalamu ya pafoni imene iye anapanga. Uthenga wa abwana ake sunachedwe: "Mwaona? Anthu akukhalitsa pamenepo. Aikonda basi!"

Maso a mtsikanayo anali pa bambo ake, amene anakhala mbali ina ya tebulo, magalasi ali pamphuno, akuyesa kusungitsa malo kwa dokotala pa pulogalamu yomweyo. Chala chawo chinkadina, kubwerera, kudinanso. Tiyi wawo anali atazizira kalekale.

"Bambo, ndikuthandizeni?"

"Ayi mwanangu, usavutike. Ntchito yako ilibe vuto. Mutu wangawu ndi umene wakalamba."

Bambowo anapukuta foni ndi malaya awo ngati kuti cholakwika chinali fumbi, n'kuyambiranso poyambirira.

Mtsikanayo anayang'ananso pa kompyuta. Mphindi iliyonse imene bambo ake ankasochera, makina aja ankaiwerenga ngati chikondi.

"Ndalakwitsanso," anatero bambowo motsitsa mawu, ngati mwana wopepesa.

Pa kompyuta paja, mzere unakweranso pang'ono.