Makoko a Mumpango wa Spogmai

Spogmai anamasula mpango patebulo la mchimwene wake Darwesh, makoko a zipolopolo n'kugubuduzika pakati pa tupa ndi chitini cha onga. Anali atawatola yekha m'munda wa tirigu, pomwe mwamuna wake anawomberedwa dzana.

"Achimwene, mundidzazirenso amenewa. Omwewa ndiwo abwerere kwa eni ake."

Darwesh anatola khoko limodzi, likununkhabe utsi. Chala chake chinakhudza kamphini m'mphepete, kamene iye amacheka ndi tupa akadzazanso khoko, kuti asalibwereze mpaka kung'aluka. M'tauni yonse ya Darra munalibe wina wocheka choncho. Anatola lachiwiri, kenako lachitatu. Onse anali odutsa m'manja mwake.

"Awa ndi otopa, mlongo wanga," anatero, maso ali pansi. "Angakanirire m'mfuti. Ndikupezera atsopano."

"Kukanirira? Pa bambo a ana anga silinakanirire ndi limodzi lomwe." Spogmai anamukankhira chitini cha onga chija. "Dzanja lanu ndimalidziwa, achimwene. Dzazani monga munawadzazira iwo aja."