Nanzikambe Kuseri kwa Khutu la Mvuu

Padangokhala, kale mitsinje isanaone milatho, Mvuu ndiye ankawolotsa nyama pamsana pake. Aliyense wokwera ankalipira kamtolo ka udzu kuti Mvuu adye.

Koma Nanzikambe sankalipira. Ankakwera mwakachetechete, n'kusintha mtundu kuti afanane ndi khungu la Mvuu, n'kukakamira kuseri kwa khutu.

"Ine ndine wopepuka ngati tsamba," ankatero mumtima. "Ndikumubera chiyani?"

Tsiku lina mtsinje unasefukira. Mvuu ali pakatikati, okwera ali pamsana, chipika chinamugunda, onse khuvu m'madzi! Mvuu anawavuula mmodzimmodzi mpaka kuwafikitsa kumtunda.

"Takwana, mayi," anatero Gwape akunjenjemera.

"Simunakwane," anayankha Mvuu.

Anabwereranso m'madzi olusawo n'kumira. Nyama zonse zinangoti kukamwa yasa. Patapita nthawi anavuuka, Nanzikambe ali pamphuno pake.

"Munadziwa bwanji kuti ndinalipo?" anafunsa Nanzikambe akutsokomola madzi.

"Tizala tako ndakhala ndikutimva zaka zitatu, mwanawe. Koma tawayang'ana anzakowa. Mphamvu zimene ndakuvuulira lerozi ndi udzu wawo."

Nanzikambe anayesa mitundu yake yonse, koma tsiku limenelo sanapeze wobisalamo.